Anavomera M'malo Mwanga

Bamboyo anaima pamzere ngati kasitomala wina aliyense, kumbuyo kwa mmisiri amene ankalipira mapaipi, koma m'manja analibe ngakhale msomali umodzi. Anali atamanga tayi kutentha konse kuja, chikwama chakuda chili kukhwapa. Atafika pa kauntala yanga ananditchula dzina lonse, mpaka lapakati lija limene ngakhale amuna anga amaliiwala.

"Ndine," ndinatero. "Mukulipira chiyani, bambo?"

"Olipira ndinu, mayi. Pafoni mwatizemba mokwanira, ndiye ndati ndibwere tionane maso ndi maso."

Ndinaseka, ndipo kuseka kwake kunali kochokera pansi pa mtima. Ine ngongole? M'sitolo yathu ya zipangizo zomangira, kuyambira mlonda wa pageti mpaka onyamula simenti, onse amanditcha a Banki, chifukwa sindibwereka ndipo sindibwereketsa. Mwezi ukafika pakati anzanga atayamba kuyenda ngati nkhuku zonyowa, ine ndimakhala ndikadali ndi yokwerera basi komanso ya sopo. Si kuti ndimalandira zambiri ayi. Ndinakula ndikuona bambo anga akubisala kubafa angongole akagogoda, ndiye ndinalumbira ndili wamng'ono kuti ine zimenezo ayi.

Bambo wa tayi uja sanaseke nawo. Anatulutsa pepala n'kuliyala pamwamba pa malisiti anga. Panali dzina langa, nambala ya chiphaso changa, dzina la sitolo yathu, ndi ngongole ziwiri za mtundu uja wobweza pa tsiku la malipiro. Pamodzi ndi chiwongoladzanja zinali zitafika pa malipiro anga a theka la chaka. Ankalankhula mokweza dala, mmene amachitira anthu amenewa, kuti manyazi agwire ntchito imene foni yalephera. Mzere wonse unatchera khutu. Mayi wina amene ananyamula chitini cha penti anachita kusendera kuti aone bwino pepalalo.

"Mwasochera, bambo. Chotsani chipepala chanucho, ndili pa ntchito."

"Onse amatero, mayi."

Phokosolo linatulutsa a manijala mu ofesi. A manijala athu ndi munthu wofatsa, koma malamulo a kampani amawadziwa kuposa mayina a ana awo. Anamuperekeza bambo uja mpaka pageti, kenako anandiitana n'kutseka chitseko.

"Sindikunena kuti mwalakwa," anatero akuyang'ana pa tebulo. "Koma lamulo mukulidziwa. Wogwira ndalama za kampani sangakhale ndi angongole omutsatira kuntchito. Munthu akapanikizika, kabati ya ndalama ili pafupi..."

"Bwana, zaka zonsezi inasowapo ngakhale ya machesi?"

"Sinasowepo. N'chifukwa chake sindikukuchotsani lero. Mupume kaye. Mwezi uno usanathe mundibweretsere kalata yochokera kwa anthuwa yonena kuti ngongoleyi si yanu. Ikapanda kubwera, ine manja anga ndi omangika."

Ndinasiya makiyi a kabati pa tebulo pawo n'kutuluka. Ndinadutsa pakati pa mashelefu a misomali ndi maloko mutu uli m'mwamba, chifukwa kulira pamaso pa anthu ndimadana nako. Koma chinandibaya n'chakuti palibe amene anadabwa. Onyamula simenti anangoweramitsa nkhope. Dalaivala wa lole, amene nthawi zonse amandiseleula, anayamba kufufuza chinachake m'thumba lopanda kanthu. Ndinkayembekezera kuti wina afuule kuti a Banki sangachite zimenezo, koma onse anali chete ngati anthu amene akhala akudikira uthenga wa matenda.

Pageti anandipeza a Zitheka. Amenewa ndi mayi wamkulu amene amakhala m'kachipinda kakuseri, kulemba katundu wolowa ndi wotuluka komanso kuyankha foni ya pa tebulo. Dzinalo tinawapatsa chifukwa vuto lililonse limene ungawauze yankho lake ndi lomwelo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa ntchito nditangolembedwa, ndipo nditachira mwana wanga woyamba ankandigwirira Loweruka osafuna ngakhale zikomo. Anandigwira dzanja n'kulifinya.

"Zitheka, mwanawe. Usachite manyazi. Tonse tinadutsamo."

"Kudutsa muti, mayi? Ine sindinatenge ngongole!"

Anangogwedeza mutu mwachifundo, mmene umachitira ndi mwana amene akukana kuti sanadye shuga pakamwa pali poyera.

Kunyumba ndinapeza amuna anga akuwotcherera geti la munthu pabwalo. Anazimitsa makina, anakweza chigalasi chawo pamphumi, n'kumvetsera nkhani yonse osandidula. Nditamaliza anati, "Nanga ndalamazo unapita nazo kuti, osatigawirako?"

Ankaseka, koma maso sankaseka. Ndinawaona akuyang'ana nsapato zanga, kenako foni yanga, ngati akuwerengera mitengo yake.

"Bambo a mwana, inunso?"

"Ayi, ndikungocheza. Koma dzina lako alipeza bwanji, mpaka nambala ya chiphaso?"

Funso limenelo linandiyendetsa masiku otsatirawo ngati munthu wopsa phazi. Kukhala pansi kunkandikanika. Ndinkachapa zovala zochapa kale, kusesa posesa kale, kenako n'kupezeka ndavala nsapato ndili pamsewu. Kupolisi ndinakhala pa benchi theka la tsiku, pakati pa bambo wobedwa njinga ndi mtsikana wotupa diso, mpaka anandilembera lipoti. Wapolisi wolembayo anandifunsa ngati ndinataya chiphaso. Ndinachitulutsa n'kumuonetsa. Anafunsa ngati ndinapatsapo munthu fotokope yake. Ndinati ayi, ndipo ndili pakhomo potuluka ndinakumbukira.

Miyezi ingapo m'mbuyomo tinkafuna nyumba ina ya lendi, ya bwalo lalikulu loti amuna anga azigwirirapo ntchito. Ejenti wina wa nyumba, waulemu kwambiri, wonunkhira pefyumu, ananena kuti eninyumba masiku ano amafuna umboni woti munthu ali pa ntchito. Ndinamupatsa fotokope ya chiphaso ndi mapepala a malipiro a miyezi itatu, n'kumuthokoza. Nyumbayo sinapezeke. Tsiku lomwelo la kupolisi ndinayenda wapansi mpaka kumene kunali ofesi yake, ndipo ndinapeza muli ometa tsitsi. Ometawo anati asanabwere iwo munali ogulitsa mankhwala a tsitsi, ndipo za ejenti sanamvepo. Ndinaima pakhonde paja ndikudzitukwana. Ine amene ndimayang'ana ndalama iliyonse pa kuwala ndisanailandire, ndinapereka moyo wanga wonse pa mapepala anayi kwa munthu chifukwa cha pefyumu.

Kampani yobwereketsa ndalamayo ili pamwamba pa sitolo ya nsapato. Umakwera masitepe opapatiza, n'kupeza mipando ya pulasitiki ndi chithunzi cha banja likumwetulira ngati ngongole ndi mphatso. Ulendo woyamba anandiuza kuti wofufuza zachinyengo ali ku msonkhano. Wachiwiri anati kompyuta yavuta. Wachitatu ndinakhala pampando woyang'anizana ndi chitseko chake n'kunena mokweza kuti ndigona pomwepo, ndipo mwadzidzidzi kompyuta inachira.

Wofufuzayo anali mayi wa magalasi, wooneka wotopa, wosachedwa ndi moni. Anawerenga lipoti la apolisi n'kuliika pambali. Ananditembenuzira kompyuta. Nkhope yanga inali pamenepo, ya pa chiphaso ija imene ndinajambulitsa ndili ndi chimfine, pamodzi ndi mapepala anga a malipiro.

"Ngongoleyi inapemphedwa pa intaneti," anatero. "Ndalama zinapita pa nambala iyi."

"Nambala imeneyo si yanga."

"Panopa ndi yozima. Koma ambiri amalandirira pa nambala ya m'bale wawo, kenako n'kubwera kuno ndi lipoti la apolisi ngati lanuli. Ndikanakonda kukukhulupirirani, mayi. Vuto lilipo pawiri. Loyamba, mwezi wathawu wina anabwera kudzalipirako pang'ono pa ngongoleyi, ndalama pamanja. Wakuba sabweza."

"Inenso sindinabweze! Ndibweze bwanji chinthu chimene sindinkachidziwa?"

"Lachiwiri ndi ili. Tisanapereke ndalama timaimba kuntchito kwa munthu, pa foni ya kampani, kuti timve kwa mwini wake. Timajambula mawu. Mvetserani."

Anadina batani. Kunamveka kulira kwa foni, kenako phokoso limene ndikanalizindikira ngakhale ndili m'tulo, la malata akutsitsidwa pa lole kuseri kwa sitolo yathu. Mnyamata wa kampaniyo anatchula dzina langa n'kufunsa ngati angalankhule nane.

"Ndine," anayankha mawu a mzimayi, otsika, onong'ona pang'ono.

Anafunsa ngati ndimagwira ntchito ya ukashiya. Mawuwo anati inde. Anafunsa ngati ndapempha ngongole. Panadutsa kamphindi, kenako mawuwo anati inde. Pomaliza anafunsa ngati ndidzabweze pa tsiku la malipiro.

"Zitheka," anatero mawuwo.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Si mawu anga amenewo," ndinatero.

"Foni imasintha mawu, ndipo woyankhayo akunong'ona. Foniyo ndi ya kuntchito kwanu. Ngati si inu, ndi ndani? Mukanditchulira munthu, ndikamufunsa pamaso pa abwana anu, akavomera, ndiye kuti chitsimikizo chathu chagwa ndipo kalata yanu ndilemba tsiku lomwelo. Kupanda apo fayiloyi ikhala mmene ilili." Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mwawazindikira mawuwo?"

"Ayi," ndinanama, n'kutsika masitepe aja.

Pamenepa ndifotokoze mmene timakhalira m'sitolo mwathu. Pa nthawi ya ntchito mafoni athu amatsekeredwa m'kabati ya mu ofesi, ndipo kuitanira wantchito ku foni ya kampani n'koletsedwa. Obwereketsa ndalama nawo amaimba kamodzi kokha, ukapanda kupezeka ngongole yakanidwa. Ndiye kuyambira kale a Zitheka amangoyankhira anthu. Akafunsa mzimayi amati ndine. Akafunsa mwamuna amakodola mwamuna aliyense amene ali pafupi kuti anene ndine. Akamaliza sakuuza, ndipo iwe sufunsa, chifukwa kwathu kuja ngongole ya mnzako ili ngati nthenda yobisika, umathandiza osatchula dzina lake. Ine ndinkadziwa kuti zimenezi zimachitika, koma ndinkaziona ngati za anthu ena, za osadziwa kusunga ndalama.

Sindinapite kunyumba. Ndinazungulira msika kawiri osagula kanthu, ndinakwera basi yolakwika, ndinatsika, ndipo nthawi yopuma masana itakwana ndinali nditaima kuseri kwa mpanda wa sitolo, pamene amataya matabwa othyoka. Ndinatuma mlonda kuti akaitane a Zitheka. Anabwera akupukuta manja pa juzi yawo, akumwetulira.

"Mwanawe, wawonda bwanji masiku ochepa omwewa?"

"Mayi, ndamva mawu anu ku ofesi ya angongole."

Kumwetulira sikunachoke msanga. "Ee, ndinakuyankhira. Kawiri konse. Usadandaule, palibe amene ndinamuuza kupatula a m'kati momwemu."

"Ndinakutumani?"

"Alipo amene amatuma? Unali pa kauntala, a manijala ali chapafupi. Ndikanati dikirani ndikamuitane, bwenzi atakukaniza."

"Akanakaniza wakuba, mayi! Ine sindinapemphe kanthu. Munthu anaba mapepala anga, anaika dzina langa, ndipo chimene chinatsala kuti alandire ndalama chinali pakamwa panu."

Anakhala pansi pa mulu wa matabwa aja pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhope yanga nthawi yaitali, akufufuza bodza, ndipo ndinaona pamene analephera kulipeza.

"Ndiye mafoni onse aja..."

"Mafoni ati?"

"Akhala akuimba miyezi itatu, kukufuna. Ndinkati wachoka, wadwala, uli ku tchuthi. Makalata awiri anabwera, ndinawang'amba a manijala asanawaone. Atayamba kuopseza kuti abwera, tinasonkherana, ine, adalaivala ndi anyamata a simenti, ndinakapereka ndekha kuti akhale chete mwezi umodzi."

Ndinafuna kukuwa. Miyezi itatu chiwongoladzanja chikukula ngati chotupa, ine ndikupereka moni kwa anthu amene ankandibisira moto uli padenga langa. Ndipo ndalama zawo zija, zimene anazichotsa pakamwa pa ana awo, ndi zimene zinandimanga kwambiri pamaso pa wofufuza.

"Bwanji osandifunsa? Liwu limodzi lokha, mayi!"

"Ungafunsike iwe?" Mawu awo anakwera koyamba chiwadziwireni. "Zaka zonsezi umatiyang'ana bwanji ifeyo tikamabwerekana ya basi? Ukuganiza sitiona? Tsiku limene anaimba koyamba, ndikuuze zoona, ndinakondwa. Ndinati ndiye kuti nayenso ndi munthu, zamupeza ngati ife. Ndinati ndimuphimbe bwinobwino mwana ameneyu, chifukwa akadziwa kuti tadziwa, afa ndi manyazi."

Zinandipweteka chifukwa mbali ina zinali zoona.

Ndinawauza zimene wofufuza ananena. Sanafunse kuti zikutanthauza chiyani, chifukwa lamulo la foni ya kampani amalidziwa kuposa ine. Kudzitcha munthu wina pa foni imeneyo ndi kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo, popanda chenjezo.

"Kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndipume, mwanawe," anatero motsitsa. "Abambo akunyumba ukuwadziwa mmene alili chidwalireni sitiroko. Ndikachotsedwa chonchi, ndalama yopumira ndilandira yoduka. Undipatse nthawi ndiganize. Zith..." Liwulo sanalimalize.

Madzulo ake ndinawafotokozera amuna anga tili pakhonde. Choyamba anapepesa chifukwa choyang'ana nsapato zanga, ngakhale ine ndinali ndisanawauze kuti ndinawaona. Kenako anakanda m'mutu.

"Apa khoswe wakhala pa mkhate," anatero. "Koma nanga ife tidya chifundo? Mageti sabwera tsiku lililonse. Lendi, fizi, zonse zimadalira kauntala yakoyo."

"Ndiye ndikawatchule?"

"Ine sindinatero."

"Ndiye ndisawatchule?"

"Zimenezonso sindinanene." Anaimirira n'kupita kukasuntha zitsulo zimene zinali bwinobwino pamene zinali. Amuna anga pa chitsulo ndi katswiri, koma nkhani ikafuna kudula amakusiyira sowo.

Lamlungu masana kunabwera dalaivala wa lole, atavala malaya oyera ngati wopita kukafunsira mbeta. Anakana mpando, anakana madzi, anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Andituma anzanga, a Banki. Tagwirizana kuti tizisonkha mwezi ndi mwezi mpaka ngongoleyi ithe. Inu musatulutse ngakhale imodzi. Chachikulu musawatchule amayi aja."

"Ndiye kalata yoti ngongole si yanga ichokera kuti?"

"Ntchito ya ukashiya mwina ingavute. Koma tikhoza kuwapempha a manijala akuikeni kosungira katundu."

"Ndipo dzina langa likhale m'makompyuta a dziko lonse kuti ndine wothawa ngongole? Mwana wanga akadzafuna sukulu yapamwamba ndidzamubwerekera ndi dzina liti?"

"Si paja simubwereka inu?" anatero, ndipo anazindikira mochedwa kuti nthabwalayo yafika pa nthawi yolakwika. Anatembenuza chipewa chija kawiri. "Komanso mudziwe, akayamba kufufuza foni ija, sathera pa inu nokha. Tonse anatiyankhirapo. Chaona mnzako chapita, mlongo."

"Chinaona ine sichinapite. Chikadali pakhomo pano."

Anachoka osatsanzika bwino.

Sabata yomaliza ya mweziwo ndinaidya ndi miyendo. Ndinabwerera kwa ometa aja kukafunsa dzina la mwini nyumba, ndinamupeza, anati ejenti uja anathawa ndi lendi yake ndipo ngati ndamupeza ndimuuze. Ndinapita kukampani ya mafoni kukafunsa mwini wa nambala yozima ija, anati zimenezo amauza apolisi okha. Kupolisi anati kafukufuku ali m'kati. Ndinkafuna wakuba weniweni, munthu woti ndimuloze chala popanda mtima kundipweteka, koma iye anali atasungunuka ndi ndalama zake, n'kutisiya ife osauka tikuyang'anizana. Tsiku lililonse ndinkayang'ana foni kuti mwina a Zitheka aimba kunena kuti akavomera okha. Ndinkawapempherera kuti alimbe mtima, kuti katunduyu achoke pamutu panga. Sanaimbe. Sindikuwaimba mlandu pa chimenecho, chifukwa inenso ndikanakhala iwo sindikudziwa ngati ndikanaimba.

Kutatsala tsiku limodzi ndinawadikirira pa siteji ya basi m'mawa. Atandiona anaima patali pang'ono.

"Mayi, ndikupita kwa wofufuza lero. Ndati mumve kwa ine, osati kwa wina."

"Ndakumva," anatero. Sanandipemphe chilichonse. Anakonza mpango wawo n'kuwoloka msewu.

Ndinakwera masitepe opapatiza aja ndipo ndinatchula dzina lawo. Linatuluka mosavuta kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi. Masana wofufuza anabwera kusitolo ndi kompyuta yake. Ine ndinakhala pa benchi kunja kwa ofesi ya a manijala, ndikumva mawu aja akubwerezedwa kuseri kwa chitseko. A Zitheka sanakane. Ndinamva akunena kuti foni ankayankha okha, kuti palibe wina amene ankadziwa, kuti za amuna oyankhirana pa foni iwo sakudziwapo kanthu. Anasenza zonse, ndipo dalaivala ndi anzake anapulumuka.

Wofufuza anatuluka n'kundipatsa kalata yanga, ya mizere isanu yokha. A manijala anandibwezera makiyi, n'kunena kuti iwo sanakayikepo za ine. Ndinakhala pampando wanga, ndinatsegula kabati, ndinayamba kulandira makasitomala. Manja ankagwira ntchito okha. Ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, ndipo ndinkamva ngati ndameza mwala. Mnyamata wa simenti amene anabweretsa lisiti ya kasitomala anaiika pa kauntala osandiyang'ana, n'kunditchula dzina langa lenileni. Chiyambireni ntchito palibe wa m'sitolomo amene anali atanditchulapo choncho.

Chakumadzulo a Zitheka anatuluka m'kachipinda kawo atanyamula jumbo. Lamulo la sitolo limati wantchito aliyense wotuluka ndi chikwama aonetse kwa kashiya, kuti mwina muli loko kapena paketi ya misomali. Masiku onse timangokwezerana chikwama patali n'kugwedezerana mutu. Ndinaweramira pa malisiti kuti adutse. Koma iwo anabwera mpaka pa kauntala, anaika jumboyo patsogolo panga, n'kuitsegula.

"Pitani, mayi," ndinanong'ona. "Palibe chifukwa."

"Ayi, yang'ana."

Munali kapu yawo ya tiyi yothyoka chogwirira, masilipasi amene ankavala miyendo ikatupa, juzi, kabotolo ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndi kalendala yakale imene inali ndi chithunzi cha ana awo chomatidwa pakona. Zaka zonse zija zinakwana m'jumbo imodzi. Sitolo yonse inali itasiya ntchito, ikutiyang'ana.

"Ndaona, mayi."

"Sunaone. Lowetsa dzanja mpaka pansi," anatero, mawu awo ali ofatsa ngati tsiku limene ankandiphunzitsa kutseka kabati. "Uziyang'anitsitsa, mwanawe. Usamangovomera ngati ine."

Ndinalowetsa dzanja mpaka pansi pa jumboyo, misozi ikudontha pa juzi yawo, anthu onse akuona. Munalibe kanthu ka kampani. Anamanga jumbo yawo bwinobwino, anatsanzika mlonda, n'kutuluka pageti. Kasitomala wotsatira anali ataika kale mabulashi ake a penti pa kauntala, akudikira kuti ndimuuze mtengo.